Zimene Kandege Kanajambula M'munda mwa Amayi

Madzulo amenewo Wamapu ankapukuta mapiko a kandege kake kojambulira pakhonde, amayi ake akutsekera nkhuku, mwana wake wamkazi akusewera ndi zingwe za batire. Dzinali anamupatsa ndi anthu a m'mudzi atabwerako ku yunivesite kudzachita kafukufuku wa digiri yake yachiwiri, woyeza thanzi la mbewu pozijambula kuchokera m'mwamba. Pakompyuta yake mbewu zathanzi zinkaoneka zofiira, zodwala zotuwa.

Chaka chimenecho minda yonse inatuwa. Kukada anthu ankamva makasu akulima, koma m'mawa osapeza ndi phazi lomwe, kungotsala fungo la chinthu chowola. Kenaka maliro anayamba. Kalipentala anagona bwinobwino osadzukanso. Mkazi wa telala anatsatira. Anthu anasiya kupatsana moni mokweza.

Wamapu anaona chinthu chimene sanauze aliyense m'mudzimo. Munda wa amayi ake wokha unali ndi zigamba zofiira, ndipo maliro akachitika chinkawonjezeka china. Aphunzitsi ake pafoni anangoti, "Mwina ndi manyowa. Jambulanso."

Asanajambulenso, mwana wake anatentha thupi, ndipo sabata isanathe anamuika m'manda. Panapita nthawi asanakhudze kandege kaja. Tsiku limene anakaulutsanso, kumapeto kwa munda kunaoneka chigamba chatsopano, chaching'ono, chopinda miyendo, dzanja lili kukamwa. Ndi mmene mwanayo ankagonera.

Anawapeza amayi ake m'khitchini akusankha nyemba, nawatembenuzira kompyuta.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Ine zamakinazi ndimazidziwa?"

"Yang'anitsitsani. Ameneyu ndi ndani?"

Nyemba zinamwazika pansi. Amayiwo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anasisita galasilo ndi chala.

"Anzanga ausiku aja ankafuna iweyo," anatero chapansipansi. "Ndinagwada. Ndinati uyu yekha ayi, ndi mwana wanga."

"Ndiye munawapatsa wanga?"

"Iwenso wabereka. Ukanatani?"

Wamapu anatseka kompyuta natuluka m'khitchinimo.

Kutacha, khomo la amayiwo linali pululu, mphasa itazizira kalekale. Anthu anawasaka m'zigwa ndi m'matchire osawapeza. Wamapu sanapite nawo kosakako. Dzuwa litapendeka anamupeza kumapeto kwa munda, atagona chammbali pakati pa mbewu zobiriwira, dzanja likusisita dothi, akuyimba motsitsa kuti mwana asadzuke.