Makasitomala a Bambo

Magalasi atafika kunyumba kuchokera kusukulu anapeza mbale zam'mawa zikadali mu sinki, ntchentche zitapezapo phwando. Bambo ake anali pampando wawo wa pafupi ndi zenera, khosi lili zyoli, chala chikuthamanga pa foni. Kabelu ka m'gemu kanalira kawiri, kenako foniyo inathima.

"Yatha moto," anatero bambowo akumupatsira. "Kunali anthu lero."

Mtsikanayu, amene anzake anamupatsa dzinali chifukwa cha magalasi ake okhuthala, anangoilandira foni yakeyo. Magetsi anali atathima kuyambira masana, ndipo aphunzitsi a sayansi anali atanena kuti atumiza mafunso pa foni, oti ayankhidwe isanakwane faifi koloko. Aka kanali kachitatu kulephera kuyankha. Anavula yunifolomu, n'kuyamba kutsuka mbale miyendo ikuwawa.

Bambo ake anaphika pa hotela ina yaikulu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, moti mumsewu mwawo aliyense ankangowatchula kuti a Shefu. Chaka chapitacho anadwala sitiroko, mkono ndi mwendo wa kumanzere n'kufooka, ntchito n'kuthera pomwepo. Amayi ake ankasoka zovala pa fakitale, kuchoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye kuphika, kuchapa ndi kukolopa zonse zinagwera Magalasi.

Gemuyo anaiika yekha pa foni, adokotala atanena kuti zala zofookazo zizigwira kantchito. Inali gemu yoyendetsa lesitilanti. Tianthu tojambula tinkalowa, kukhala pa matebulo n'kuitanitsa chakudya. Ukachedwa, tinkhope tawo tinkafiira n'kutuluka tikung'ung'udza, koma ukachita changu unkalandira nyenyezi. Tsiku loyamba a Shefu anaseka mpaka kutsokomola, ati supu wanji wopsa m'masekondi asanu. Dzanja lodwala analigwiritsa ntchito masiku awiri okha, kenako anasinthira lamanja. Anayamba ndi kangolo kokazingira mazira, koma patatha miyezi inayi anali ndi lesitilanti ya matebulo makumi awiri, uvuni ziwiri ndi operekera zakudya atatu. Popeza kusukulu sankalola mafoni, foniyo inkaswera m'manja mwawo.

Mawa lake aphunzitsi anamuimiritsa Magalasi kutsogolo kwa kalasi n'kumufunsa ngati sukulu yamukwana. Wina kumbuyo anati mwina magalasi atha mphamvu, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Atabwerera kunyumba anapeza bambo ake ali kubafa, foni ili patebulo. Anadina kachithunzi ka gemuko n'kukagwira, foni inamufunsa ngati akufunadi kufufuta zonse, iye anavomera. Sizinatenge ndi mphindi yomwe.

A Shefu atatuluka anafufuza pa foniyo nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati yawonongeka. Magalasi anawauza zoona, ndipo atayamba kulankhula analephera kusiya. Ananena za mafunso a sayansi, za chiseko cha anzake, za msana wake.

"Mumaphikira zidole tsiku lonse, Bambo, koma kapu yanu yomwe mumadikira ine."

Ankayembekezera kuti amukalipira. Iwo anangoika foni patebulo pang'onopang'ono, ngati dzira, n'kulowa kuchipinda akukoka mwendo.

Masiku anayi otsatira mpando wa pazenera unali wopanda munthu. Bambowo ankangogona atayang'ana kukhoma, chakudya n'kumangochilawa. Foni inkakhala yodzaza moto, mafunso a sayansi ankayankhidwa pa nthawi yake, koma nyumba inali zii ngati mwachitika maliro.

Lamlungu, mayi ndi mwana akuyanika zovala kuseri, amayiwo anayamba nkhaniyo mosakalipa. Anavomera kuti mwanayo wasenza zoposa msinkhu wake ndipo foni inali yakedi. Kenako anamufunsa kuti ndi liti pamene anapemphako bambo ake kanthu kalikonse. Magalasi anati sakukumbuka.

"Inenso sindikukumbuka," anatero amayiwo akufinya shati. "Munthu amene ankaitanidwa uku ndi uku tsiku lonse, ife timangoti khalani pansi, musagwire, mugwa. M'kafoni muja ndi momwe munatsala anthu owafuna."

Madzulo ake Magalasi anaikanso gemuyo n'kupita nayo kuchipinda. Koma lesitilanti ija kunalibe. Pa foni panaoneka kangolo kaja ndi chiwaya chimodzi. Bambo ake anayang'ana pang'ono n'kunena kuti zoyambanso pansi alibe nazo mphamvu, anaziyamba kokwana pa moyo wawo. Magalasi anapepesa, iwo anati palibe mlandu, n'kutembenukiranso kukhoma.

Lachinayi linali tsiku loipa. Magalasi anali ndi mayeso awiri, basi inawonongekera panjira, ndipo theka la ulendo anayenda wapansi. Atafika anateleka mpunga, n'kuika anyezi m'mafuta, kenako anakhala pa kampando ka m'khitchini kuti angopumitsa miyendo. Anadzidzimuka utsi uli tolo, anyezi atada bii. Anaphula chiwayacho, n'kupsa chala, ndipo anangokhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira chamumtima.

"Tsegula zenera, uchepetse moto wa mpungawo."

Bambo ake anali ataima pakhomo, atatsamira felemu. Fungo la zopserera ndi limene linawadzutsa. Mawu oti bwererani mukagone anafika pakamwa pa Magalasi, koma anawameza. Anavula magalasi n'kupukuta maso.

"Bambo, ndatopa," anatero. "Ndithandizeni kuphika."

Bambowo anayang'ana dzanja lawo lofooka. Kenako anamuuza kuti awakokere mpando pafupi ndi sitovu. Anamulamula ataye anyezi opsererawo, atsuke chiwaya, adule ena. Ataona kagwiridwe kake ka mpeni anapukusa mutu, ati akanakhala kuhotela akanamubweza kukatsuka mapoto mwezi wathunthu. Anamuonetsa mopindira zala kuti mpeni usazipeze. Iye anagwira chogwirira cha chiwaya, iwo akutakasa ndi dzanja lamanja, ndipo anamuuza kuti amvetsere kulira kwa mafuta, chifukwa mafuta amanena okha akatentha mokwanira. Kawiri supuni inawapulumuka n'kugwa pansi. Magalasi anaitola, kuitsuka, n'kuwabwezera.

Chakudya chimene mtsikanayu ankaphika theka la ola chinatenga ola ndi theka. Pomaliza thukuta linali litanyowetsa malaya a bambowo. Amayi atafika n'kulawa, anayang'ana mwamuna wawo, kenako mwana, n'kunena kuti mchere wachuluka pang'ono. A Shefu anati wathira mchere ndi wophunzira, wophunzirayo anati wauzidwa ndi abwana, ndipo bambowo anamaliza mbale yawo yonse.

M'mawa mwake Magalasi akumanga zingwe za nsapato anamva bambo ake akumuitana kukhitchini. Anali atakhala kale pampando, atasamba, patebulo pali anyezi atatu, karoti ndi tomato.

"Mpeni ndi umene wandikanika," anatero. "Undidulire izi usanapite, zotsalazo ndiona ndekha. Ukabwera udzangofikira m'mabuku."

Magalasi anayang'ana wotchi ya pakhoma. Basi yake inali itatsala mphindi zisanu. Anatula chikwama, n'kusamba m'manja, n'kutenga mpeni. Tsiku limenelo anafika kusukulu belu litalira kale, ndipo anapatsidwa chibalo chosesa khonde lonse la laibulale. Mnzake wina podutsa anamufunsa chimene chamuchedwetsa, iye anangoti amadula anyezi, n'kupitiriza kusesa.