Chipsera cha Msomali

Mtembo wa Cornelius, wobaya katemera wa nthomba, unapezeka Lachiwiri m'mawa m'khwawa la kuseri kwa msika wa Migowi, mutu utaphwanyidwa ndi mwala. Munali mu 1950, njala isanatheretu. Boma, mwa nzeru zake zija, linkagawa chimanga kwa mabanja okhawo amene ana awo aonetsa chipsera cha katemera pamkono. Wanjala safunsa.

Sajeni Sitima, amene imvi zinamumerera m'polisi, anayamba ndi Wahabu wa sitolo, yemwe anakangana ndi malemuyo Lolemba.

"Tinakangana za njinga, bwana. Ndiphe munthu chifukwa cha tcheni? Pitani kwa Kaduya. N'kumene anali dzulo, kukaona za mwana amene wafa ndi nthomba chipsera ali nacho."

Kwa Kaduya anapeza Zelifa, mayi wofedwayo, atafungata mwana wotsala. Sitima anagwira kamkono. Pobaya katemera, Cornelius ankachita kukanda timizere pakhungu. Koma chipsera ichi chinali chozungulira, chakuya.

"Ku katemera anapita nawo ndani, mayi?"

"Bambo awo, a Thomson. Ine ndinali chigonere."

Masana Thomson anali m'kachipinda ka khoti ku Migowi, maso ali pansi.

"Chipsera chija n'cha moto," anatero Sitima. "Munatenthetsa chiyani?"



"Msomali, bwana."

"Chifukwa?"

"Panjira panali mowa. Pamene ndimafika kuno, obaya anali atapita. Ine ndine mkamwini, wochokera kutsidya kwa malire. Ndikanabwerera bwanji kwa eni mudzi ndilibe chimanga? Ndinawatentha onse awiri, n'kuwagulira nzimbe kuti asanene."

"Nanga Cornelius?"

"Anangoona mkono, basi. Anandiitanira pambali, ati mawa abwera kudzabaya wotsalayo, ndipo amayi ake amva zonse. Ndinamutsatira mpaka kukhwawa, ndikumupempha kuti asaulule. Anakana. Mkazi wanga amatukwana mankhwala a Azungu, bwana. Sadziwa kuti mwana uja ndinamupha ndine. Ndipachikeni, koma asamve."

Sitima anavala chipewa. Pempho la mkaidiyo silinamusangalatse.

"Nthomba ikadali m'mudzimo, ndipo mwana winayo alibe katemera. Amayi ake sangalole abayidwe kawiri popanda chifukwa. Akawauza ndani, inu kapena ine?"

Thomson anaimirira pang'onopang'ono, natambasula manja onse awiri.

"Ndikanena ndekha. Koma yambani mwandimanga, bwana. Ndingathawe panjira."