Kabokosi Kakuda pa Chikwangwani

M'nyumba ya bambo wosindikiza mapepala munali mtendere. Shopu inali kutsogolo, banja limakhala kumbuyo, ndipo m'mawa uliwonse ankapemphera limodzi asanayatse makina. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankangomuti Mzime poti anali wotsiriza kubadwa, anali atamaliza koleji ndipo anali katswiri pokonza zithunzi pa kompyuta. Bambo ake ankamunyadira mosabisa. Kwa Mzime, kunyadiridwa ndi bambo akeko kunali chuma choposa china chilichonse.

Tsono kunali dalaivala wina wobweretsa mapepala pashopupo, munthu wa pakamwa potsekemera. Anatenga nambala ya Mzime, ati ndi za ntchito. Ntchito yake iti! Posakhalitsa mauthenga anasanduka achikondi, kenako anayamba kupempha zithunzi zamaliseche.

"Kamodzi kokha, ndikangoona ndifufuta," analemba dalaivalayo. "Kapena sundikhulupirira?"

Mzime anakana, nakananso, kenako anatumiza. Chachiwiri sichinavutenso.

Mayi ake anaona kuti mwana wayamba kubisa foni akamva mapazi. Anamuuza modekha kuti, "Mwanangu, chinthu chimene sungatsegule ine ndili pomwepo, usachisunge m'foni." Mzime anangoseka, nati amayi ndi achikale.

Tsiku lina mayi wolangiza achinyamata kutchalitchi anabwera kudzapempha chikwangwani cha zithunzi, chochenjeza za kutumizirana zamaliseche pa foni. Mzime anachikonza mwaluso: foni pakati, mivi yosonyeza chithunzi chikuchoka kwa munthu mmodzi n'kufalikira kwa anthu ambirimbiri, ndi macheza opeka m'kati mwa foniyo. Mlangizi anayamikira miviyo, koma anati machezawo akumveka ngati alemba ndi abusa, achinyamata adzangoseka.

Zinamuwawa Mzime, poti sankafuna kumva kuti ntchito yake yaperewera. Kupeka ena kunamugwetsa ulesi. Anangojambula macheza ake enieni ndi dalaivala uja, nawaika pakati pa chikwangwani, n'kuphimba dzina la iye mwini, nkhope yake ndi zithunzi zimene anatumiza ndi kabokosi kakuda. Aliyense wokonza zithunzi amadziwa kuti ukaphimba chinthu umayenera kumata zonse zikhale chithunzi chimodzi, apo ayi kabokosiko kamangokhala pamwamba ngati chivundikiro cha poto. Iye pofulumira sanamate. Anasiya ntchitoyo pa kompyuta, napita kukagula inki.

Masana mlangizi anabweranso, napeza bambo aja ali okha. Anawerenga machezawo, nati tsopano ndiye zoona, ana amalemberana chonchi. Anangodandaula kuti kabokosiko kaphimba mzere woyamba wa mawu, ndipo anapempha kuti akasunthe pang'ono. Bambo anakagwira ndi kamuvi ka pa kompyuta, nakakokera pambali.

Pansi pake panali dzina la mwana wawo, nkhope yake, ndi zonse zimene anatumiza.

Bambo anazimitsa kompyuta. Mlangizi anawerama, natola chikwama chake, natuluka.

Mzime pobwera anapeza makina ali zii, bambo ake atakhala pa mpando wa makasitomala, mayi ake ataima pakhomo.

"Ndasuntha kabokosi kako," anatero bambo. "Ndimayesa ndikukonza ntchito ya mwana wanga."

Inki inagwera pansi. Mzime anagwada, naulula zonse akulira. Pomwepo anaimbira dalaivala uja kumuchonderera kuti afufute zithunzizo. Iye anaseka, nati anzake anaziona kalekale, ndipo zimene zili m'mafoni mwawo iye sizikumukhudza.

Makolo ake sanamuthamangitse. Anapemphera naye, namukhululukira, ndipo mlangizi sanauze munthu. Chikwangwani chinasindikizidwa ndi macheza ena opeka. Koma kwa miyezi yambiri bambo ake ankalephera kumuyang'ana kumaso. Akamamulankhula ankayang'ana makina, kapena pepala limene lili m'manja mwawo. Sunali mkwiyo ayi, chinali chisoni, ndipo chinamupweteka Mzime kuposa chikwapu.

Achinyamata inu, chithunzi mukachitumiza sichikhalanso chanu. Wokupemphaniyo adzaseka n'kupita, koma amene adzalire ndi amene anakulerani. Mulungu amakhululuka, makolo amakhululuka, koma maso amene aona sangabwezedwe kuti asaone.