Mwanapiye Wobwerera M'dzira

Ajira amakhala ku Namwera. Ali mu Sitandade 2. M'mawa amapita kusukulu. Masana amapita ku madrasa.

Ajira ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuwerenga buku la Chingerezi pamaso pa anzake.

Koma mabuku anali ochepa. Ana anali ambiri. Aphunzitsi awo, Madamu Fyness, ankangolemba mawu pabolodi. Hen. Egg. Chick. Mawuwo Ajira ankawadziwa. Koma buku lenilenilo anali asanaligwirepo.

Tsiku lina Madamu anamuitana.

"Ajira, tenga buku ili. Ligone kwanu. Mawa udzatiwerengere. Ukadzawerenga bwino, udzatenga lina. Ukadzalephera, udzadikira teremu ya mawa."

Ajira anathamanga. Anathamanga mpaka pakhonde la sitolo. Apo ndi pamene bambo ake, a Sefu, amasokera zovala. A Sefu sukulu sanapite nayo patali. Koma Chiarabu, eee, amawerenga ngati akumwa madzi.

"Ababa, taonani! Buku la Chingerezi!"

Ajira analitsegula.

"Iwe, iwe, iwe!" anatero a Sefu. Anaimitsa makina. "Buku satsegula choncho. Wayambira kumathero. Ku madrasa amakuphunzitsani chiyani?"

Analitenga. Analitembenuza. Analitsegulira mbali inayo, ngati buku la Chiarabu la ku madrasa.

"Buku ndi buku," anatero a Sefu. "Onse amayambira uku. Werenga timve."

Ajira anawerenga. "The hen is big." Pachithunzi panali nkhuku yaikulu.

Anatsegula tsamba lina. Nkhuku ija inachepa.

Anatsegula tsamba lina. "The chick is small." Nkhuku ija inasanduka mwanapiye.

Anatsegula tsamba lina. "The chick is in the egg." Mwanapiye uja analowa m'dzira. Dzira linatsekeka. Nkhani inathera pomwepo.

A Sefu anagwira pakamwa.

"Aaa! Nkhuku za Azungu! Zathu zimakula. Zawo zimachepa."

"Ababa, kodi atulukamo?"

"Kaya, mwanawe. Bukutu latha."

Ajira anawerenganso. Anawerenganso. Mwanapiye ankabwererabe m'dzira.

M'mawa Ajira anaima kutsogolo kwa kalasi. Anatsegula buku monga anachitira bambo ake. Anawerenga mokweza. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi.

"Tsopano tiuze m'Chichewa," anatero Madamu. "Chachitika n'chiyani?"

"Panali nkhuku yaikulu," anatero Ajira. "Inachepa. Inachepanso. Kenako inalowa m'dzira. Basi."

Kalasi yonse inaseka. Willard, mnyamata wokhala kumbuyo, anaseka mpaka kugwa pabenchi.

"Madamu, nkhuku ya Ajira ikuyenda chambuyo!" anatero Willard. "Ili ndi giya ngati lole!"

Ajira anayang'ana pansi. Buku lina lija linali patebulo la Madamu. Linali ndi njinga yofiira pachikuto. Ajira ankalifuna kwambiri.

"Ajira," anatero Madamu, "kwanu muli ndi nkhuku?"

"Eya, Madamu."

"Zimayamba bwanji?"

Ajira anaganiza. Anayang'ana dzira lija. Anayang'ana nkhuku ija.

"Zimayamba ndi dzira, Madamu."

"Nanga dzira lili kuti?"

"Lili uku."

Ajira anatseka buku. Analitembenuza yekha. Analitsegulira mbali inayo.

"The chick is in the egg," anawerenga. Dzira linasweka.

"The chick is small." Mwanapiye anatuluka.

"The hen is big." Nkhuku inakula.

Ana onse anaomba m'manja.

"Buku la Chiarabu limayambira uku," anatero Madamu. "Buku la Chingerezi limayambira uku. Ajira akudziwa njira zonse ziwiri. Willard, iwe ukudziwa zingati?"

Willard anakanda m'mutu. "Imodzi, Madamu. Koma nayonso imavutavuta."

Madamu anapatsa Ajira buku la njinga yofiira.

Ajira anathamanga. Anathamanga mpaka pakhonde la sitolo.

"Ababa! Dzulo tinayambira kumathero!"

A Sefu anaimitsa makina. "Ndani wanena?"

"Madamu. Ndi nkhuku zathu."

Ajira anakhala pafupi nawo. Anawaonetsa buku latsopano. Anawaonetsa potsegulira.

"Anthu awa," anatero a Sefu. "Buku labwinobwino kuliyambira kumbuyo!"

"Iwo akuti kumbuyo ndi kwathuku, Ababa."

A Sefu anaseka. Kenako anatsitsa mawu.

"Nanga mwanapiye uja?"

"Watuluka, Ababa. Wakula. Ndi nkhuku yaikulu."

"Alhamdulillah," anatero a Sefu. "Lero lonse ndasoka ndi nkhawa. Ndimati afera momwemo."

Anakankhira nsalu pambali.

"Werenga la njingali. Koma uyambire kolondola. Tingagwere m'ngalande."