Ulendo Wopanda Nyimbo Kumtunda kwa Bua

Chaka chotsatira chisankho cha matipate, mvula itangokata, Tedson analowa m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota atanyamula mawaya a mabuleki a njinga otchera misampha, ndipo sanabwerere. Masiku amenewo ambiri ankati ufulu wafika, nyama za m'tchire zilibenso mwini. Zelifa, mkazi wake, atatopa n'kudikira, anakagwada pakhomo pa Paison, mkulu wake wa Tedson, amene analinso mkulu wa mpingo ku Bua.

"Alamu, ana akundifunsa. Ndiwayankhe chiyani?"

Paison anamanga makaka ndi usipa wouma m'kathumba, natenga chikwanje, n'kupita kwa Ramadhani, msodzi wachisilamu amene anakula naye limodzi. Kuyambira unyamata, masika alionse awiriwa pamodzi ndi Tedson ankatsanzika kwa agemu, alonda a nkhalangoyo, n'kukwera wapansi m'mbali mwa mtsinje wa Bua kukaona mpasa zikulimbana ndi madzi. Malo awo apamtima anali awiri: dziwe la m'munsi mwa mathithi, ndi thanthwe lalitali limene ukaima pamwamba pake nyanja imaoneka ngati nsalu yoyanika. Njira yonse ankaimba mokweza, kuti njovu ndi njati zimve anthu akali kutali n'kupatuka.

"Ngati ali moyo, ali padziwe kapena pathanthwe," anatero Ramadhani. "Koma ulendo uno, akulu ampingo, kwaya yanu ija muisiye kunyumba. Agemu akatimva atitsatira mpaka pamisampha yake. Mukufuna m'bale wanu akagone kundende?"

"Ndiye tiyende ngati akuba?"

"Nanga tikukafuna ndani? Abusa?"

Ananyamuka mame asanaume. Tsekera anali atatalika kuposa munthu, ndipo ankawacheka m'manja ndi kumaso. Kashembe ankawaluma pamsana malaya ali pathupi. Paison ankamva nyimbo ikukwera pakhosi, iye n'kuimeza.

Padziwe anafika dzuwa litapendeka. Mpasa zinali kudumpha monga kale, zilibe kanthu ndi chisoni cha anthu. Pamchenga panali phulusa lozizira ndi minga ya nsomba. Paison anakoka mpweya kuti aitane dzina la mng'ono wake, koma Ramadhani anamugwira pakamwa, naloza pansi. Panali mapazi a jombo za agemu, atsopano. Anafufuza m'mabango mwakachetechete, osapeza munthu.

Kutacha analunjika kuthanthwe. M'njira anapeza mbawala itafera mumsampha, itayamba kale kuola. Patsogolo pang'ono, mtengo wina unali utasendeka khungwa, dothi litakumbika, magazi atauma pamasamba. Ramadhani ananyamula chidutswa cha waya.

"Njati iyi. Yadula, ndipo ikuyenda ndi waya kumwendo."

"Tibwerere, achimwene."

"Thanthwe si ilo? Tikabwerera pano, Zelifa mukamuuza chiyani? Inshallah, tikamwera madzi pamwamba."

Ramadhani anatsogola. Ankaponda mofewa, monga anapanganirana, ndipo njatiyo sinawamve mpaka anaifika pamphuno. Udzu unang'ambika. Paison anangoona chinthu chakuda, anamva kununkha kwa bala, n'kupezeka ali chagada m'ngalande. Podzuka, njati inali itapita, ndipo mnzake anali gone patsekera wophwanyika, manja ali pamimba.

Paison anavula malaya namumanga, koma magazi sanamvere.

"Musavutike," ananong'ona Ramadhani. "Nditembenuzeni ndiyang'ane kumpoto, kumene timayang'ana popemphera. Ndipo musandisiye kwa afisi, akulu ampingo. Mkazi wanga Madina andione, ashehe andiike."

Paison anamutembenuza, namugwira dzanja pamene iye ankatchula mawu otsiriza a chikhulupiriro chake. Kenako dzanjalo linalemera.

Thanthwe linali pafupi, koma Paison sanakwere. Anayang'ana kumwamba nati, "Ambuye, wotayikayo ndamusiya m'manja mwanu. Uyu ndalonjeza." Anabereka mtembo, nabwerera njira ya kudziwe.

Pofika pamchenga paja anaima kuti apume. Anamugoneka mnzake pamthunzi, ndipo mantha onse a ndende anamuthera. Anayamba nyimbo imene amaimba kumanda, mokweza, mpaka mathithi anaibweza.

"Achimwene!"

Mawuwo anachokera kuseri kwa miyala. Tedson anatuluka chokwawa, atawonda, phazi litatupa ngati dzungu. Anati anaterereka pamwala akuthawa agemu, ndipo ankakhalira nsomba zotsalira m'zithaphwi.

"Dzulo ndinamva mapazi pompano," anatero akulira. "Ndinabisala. Ndinati si inu, chifukwa inu simuyenda osaimba."

Paison anakhala pansi, natseka maso. Tedson anaona amene anagona pamthunzi.

"A Ramadhani? Chawapha n'chiyani?"

"Njati ya waya kumwendo."

Tedson anagwetsa nkhope mumchenga.

Nyimbo ija inamvekanso kwa agemu awiri amene ankalondola njati yovulalayo. Atafika anavula zipewa. Tedson anaulula yekha kuti misampha inali yake. Wamkulu wa iwo anati, "Za iwe tikakamba kuboma. Poyamba tikapereke munthuyu kwawo." Anadula mitengo n'kupanga machila. Iwo ndi Paison ankasinthana kunyamula, Tedson akutsimphina pambuyo ndi ndodo.

Anatulukira kumudzi anthu akuweruka kokolola mpunga. Zelifa anathamanga akululuta ataona mwamuna wake, koma nthungululuyo inaduka pakati ataona machila.

Madina anatuluka m'nyumba ufa uli m'manja. Anavundukula nsalu, nayang'ana nkhope ya mwamuna wake, n'kuvundikiranso bwinobwino. Kenako anatembenukira kwa Paison.

"Amene munapitira uja mwampeza?"

"Tampeza, mayi. Ndi uyu."

Tedson anagwada. Madina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lotupalo.

"Dzukani," anatero. "Amuna anga anakutsatirani mpaka kutchire. Inunso muwaperekeze mpaka kumanda, ngakhale chokwawa."