Nkhani Yomwe Terence Amaikonda Koposa

Anakumana pokwerera minibasi ku Buchi, mvula ya Disembala ikukhuthuka. Norah anali atabisa kope m'juzi kuti lisanyowe.

"Mukubisa chiyani, mwana wokongola? Makalata a chibwenzi?" anafunsa mnyamata wa tayi yofiira.

"Nkhani zanga. Zikukukhudzani?"

"Nanenso ndimalemba! Ndine Terence."

Masiku amenewo anali okoma bwanji! Norah ankagulitsa misomali ndi penti m'shopu, n'kumalemba ndi bolopeni makasitomala akachepa. Terence ankagwira ntchito mu ofesi ku Ndola, komwe kunali kompyuta. Loweruka lililonse ankabwera ndi mabanzi otentha, n'kutenga kope kuti akamutayipire.

Lolemba meseji inkalowa: "Shuga wanga, tsamba lachitatu landiliza. Iwe ndi ine mpaka imvi, ndalumbira!"

Kope lomaliza linali la nkhani ya malemu bambo ake, a Ackson, omwe anachoka ku Chipata kudzagwira ntchito mumgodi. Akamatsika pansi ankayimba nyimbo ya Maria kuti mantha athe. Terence atalitenga, mameseji anayamba kuchepa, kenako zii! Zaka ziwiri zinatha, koma Norah akaona tayi yofiira mumsewu mtima unkagundabe.

Lachitatu lina masana, wailesi ya m'shopu inatulutsa mawu omwe sakanawaiwala. Pulogalamu inali ya olemba mabuku, m'Chibemba.

"Ba Terence, pa nkhani zanu zonse, mumakonda iti?" anafunsa muwulutsi.

"Ya munthu wa mumgodi woyimba nyimbo ya Maria. Ndi mbiri ya apongozi anga, bambo a mkazi wanga Charlotte."

Mkazi wake? Apongozi? Kumubera mtima ndi nkhani sizinakwane, mpaka kumubera bambo? Anangoitembenuzira m'Chibemba n'kuikapo dzina lake!

Norah anayimba foni ku wailesiko.

"Iwe Terence, tatiyimbire nyimbo ya apongozi akowo," anatero m'Chinyanja.

"Shuga... aa, mayi, ine..."

Akanaidziwira kuti? M'kopemo Norah sanalembe mawu a nyimboyo, ankaona ngati ndi a iye ndi bambo ake basi.

Ndiye Norah anaiyimba yekha, mpaka kumapeto, misozi ikudonthera pa kauntala. Kasitomala wina anavula chipewa.

"Mayi," anafunsa muwulutsi motsitsa mawu, "kodi ndinu ndani?"

"Norah Zulu, mwana wa a Ackson. Mufunseni kope langa alibweza liti."