Panalibe Dzina Loti Atchule

Telma anachoka pachipatala mwezi utakwera kale. Akanachoka dzuwa lisanalowe, koma kunabwera mtsikana wina wa ku Nsadzo pa ngolo, mwana atatsogoza miyendo, ndipo pamene mwanayo analira mudzi wonse unali utagona. Telma anasamba m'manja, nakoleka chikwama paphewa, nalowa njira yopita kutsidya kwa mtsinje, kumene ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni.

M'mawa mwake anayenera kukwera chapa, minibasi ya ku Tete. Kusukulu yawo ya unamwino kunali jornada, msonkhano umene ophunzira amaima pamaso pa madotolo ndi kufotokoza zimene apeza pa kafukufuku wawo. Funso la Telma linali limodzi: chifukwa chiyani amayi a kuno ku Mualadzi amafika mochedwa kokachira? Mayankho ena aliyense ankawadziwa, msewu, mvula, kusowa njinga. Koma panali lina limene amayi ankalinena motsitsa mawu. Mwana akachedwa kubadwa, akuluakulu amatseka chitseko namuuza mayiyo kuti atchule mwamuna amene anagona naye mwamseri, ati mwana satuluka mayi asanaulule. Amadikira dzinalo. Usiku umatha akudikira.

Masana a tsikulo Dotolo Crimildo, amene ankayang'anira kafukufukuyo, anali atamuimbira. "Chotsa mbali imeneyo, Telma. Akakufunsa umboni, ndipo ulibe. Onse amene anakuuza anakana kujambulidwa mawu. Ukufuna kubwereza chaka chifukwa cha zonong'onezana?"

Kubwereza chaka Telma sankafuna. Komanso mbaliyo anali asanaichotse.

Usikuwo kunali kofunda. Anthu anali atatentha mapesi m'minda, ndipo utsi unagona pansi ngati madzi oyera, kotero kuti Telma sankawaona mapazi ake. Mitengo inkaoneka ngati yayandama. Tulo tinkamukoka m'maso, ndiye kuti asagone akuyenda anayamba kuyeserera zokanena mawa, mokweza, m'Chipwitikizi. Anapereka moni kwa madotolo. Ananena za msewu. Ananena za mvula. Atafika pa nkhani ya chitseko anaidumpha, napitirira ku mawu othokoza.

Apo n'kuti akudutsa pa msitu wa manda, mlatho uli patsogolo.

"Mwadumpha, anamwino."

Telma anaima. Mawuwo anali a mayi, ofatsa, pafupi ndi khutu lake.

"Chipwitikizi sindichimva, koma pamene mwadumpha ndapamva."

Mayiyo anali pambali pake penipeni, ngati akhala akuyendera limodzi kuchokera kutali. Anali wamtali, wa mpata m'mano, atasenza beseni lokutidwa ndi kapulana, chitenje chatsopano, monga amachitira opita kokachira. Mimba yake inali yaikulu, yotsika.

Diso la ntchito linagonjetsa mantha. "Mayi, mimbayi yatsika kwambiri. Chipatala chili kumbuyoku, mukulowera kolakwika."

"Ndikudziwa kumene chili. Sanatsegule chitseko." Anamwetulira. "Nenani m'Chinyanja, pamene mwadumphapo. Ndimveko."

Telma sanadziwe chifukwa chake anamvera. Atafika pakati pa mlatho anaima nayamba kunena, ndipo mawu ankatuluka okha, osalala, ngati wina akumuyankhulira. Mitengo ya kumanda inakhala chete m'mizere ngati anthu m'sala ya msonkhano. Utsi unkayenda pansi pa mlatho m'malo mwa madzi. Mayiyo ankangogwedeza mutu, beseni osapendekeka.

"Ndi momwemo," anatero. "Koma anzanga ngochenjera. Amangopeka. Amatchula wogulitsa sopo wa ku Cassacatiza, munthu woti sanawagwirepo ndi chala chomwe, bola chitseko chitseguke. Ine ndinali wouma mutu. Anandifunsa usiku wonse. Ndinatchula amayi anga. Ndinatchula Yesu. Iwo ankafuna dzina la mwamuna, ndipo panalibe."

Anamufunsa... liti? Telma anayang'ana mimba ija. Siinkagwedezeka. Mayiyo sankabuula, sankatuluka thukuta.

"Ndipatseni dzanja," anatero Telma.

Anamugwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtsempha. Khungu linali lozizira ngati mtsuko wa m'mawa. Anasuntha zala. Anasunthanso. Palibe!

Anaika dzanja pamimba. Zii...

Chete yense uja tsopano anamumva. Kunalibe chule. Kunalibe nkhululu. Ngakhale mpweya wa mayiyo kunalibe.

"Ndinu... dzina lanu ndani, mayi?"

"Limenelo ndiye ndingatchule. Aurora." Analoza ndi chibwano kutsidya, kumene kanyali kamodzi kankaphethira. "Mukawauze a ku Tete. Koma muyambire uyo wayatsa nyaliyo. Ine ndikamuitana satembenuka."

Telma anayang'ana nyaliyo. Atabweza maso...

Utsi wokha!

Anathamanga. Chikwama chinkamumenya kumsana. Miyendo inali yolemera ngati ya m'maloto. Mlatho sunkatha. Sanacheuke. Kanyali kaja kankayandikira, kutalikira, kuyandikiranso...

Inali nyali ya pakhomo pamene ankakhala. A Narciso, eni nyumba, kalipentala wa imvi wokhala yekha, anali pakhonde akudikira kuti mlendo wawo afike atseke mpanda.

"Mana Telma, fisi wakupezani? Kapena ndi madotolo a ku Tete ayamba kale kukuthamangitsani?"

"Bambo, tulutsani njinga," anatero Telma akupuma movutika. Mutu wake unkakanabe zimene zala zake zinamva. "Pamlatho pali mayi wodwala, mimba yatsika. Wamtali, wa mpata m'mano. Akuti ndi Aurora."

A Narciso sanadzuke.

"Wasenza beseni?"

"Inde."

"Ndinagula ndine beseni limenelo." Mawu awo anali ouma. "Aurora ndi mkazi wanga. Anamwalira kalekale, mlathowo ukadali wa mitengo, inu mukadali mwana. Akuluakulu anatsegula chitseko kutacha. Ndinamukweza panjinga, ndipo anathera pamlatho pomwepo, ndi mwana yemwe."

Telma anakhala pansi, pa dothi.

"Amayi amene anali m'nyumbamo anandiuza kuti wapita ndi dzina m'kamwa," anapitiriza a Narciso. "Mudzi wonse umadziwa choncho. Nanenso ndimadziwa choncho."

"Akuti panalibe dzina."

"Mwati bwanji?"

"Akuti anatchula amayi ake, anatchula Yesu. La mwamuna panalibe, ndipo anakana kupeka. Akuti ngwouma mutu."

A Narciso anaseka kamodzi, kuseka kosweka, nabisa nkhope m'manja mwawo mokhakhala. "Wouma mutu... ndi yemweyo. Ngakhale mchere ukachepa m'ndiwo sankavomera."

Nyali inkachepa mafuta. Kumtsinje achule anayambanso kulira.

"Wandituma ndikanene ku Tete," anatero Telma. "Ndikanena. Koma akandifunsa umboni, ndipo sindingawauze kuti ndakumana naye pamlatho."

A Narciso anapukuta maso ndi chikhatho. Anayang'ana kumene kunali mlatho, kwa nthawi yoyamba osathawitsa nkhope, kenako anadzuka pang'onopang'ono.

"Ine ndinaima kunja kwa chitseko chimenecho usiku wonse," anatero. "Madotolo anuwo amalola munthu wosapita kusukulu kuyankhula?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Tikaonera komweko. Mundidzutse, ndikasite malaya."